Funsani za Kompyuta: Ndaapudeta, saundi yathawa

FUNSO: Akulu ndithandizeni chonde. Laputopu yanga yakhala ikundikakamiza kuti ndiikweze ku sisitimu yatsopano nde sabata yatha ndinangovomera, inachezera usiku onse ikuzungulira, m'mawa kuyatsa zonse zili bwinobwino mafayilo alipo koma saundi zii. Nyimbo ikuoneka kuti ikuyenda, pa vidiyo anthu akungogwedeza milomo, voliyumu ndafikitsa pa 100 koma palibe. Mnzanga akuti masipika apsa ndikasinthitse, wina akuti ndingofomata basi. Ndimvere ndani?
Wowerenga wanu wa nthawi zonse

YANKHO: Onse awiriwo aimikeni kaye. Sipika siipsa chifukwa choapudeta, ndipo kufomata chifukwa cha saundi yokha n'kungodzipatsa ntchito. Simunatchule sisitimu yake, nde ndiyankha ngati mwachoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11 poti ndi ulendo omwe ambiri akuyenda.

Choyamba, ndipo musaseke, onani komwe mawuwo akupita. Dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja pafupi ndi wotchi, pambali pa mzere wa voliyumu pali kabatani koonetsa zida zonse zotulutsira mawu. Nthawi zambiri mupeza kuti kompyuta yadzisankhira yokha monita kapena TV yomwe mumalumikiza ndi HDMI, kapena mahedifoni a Bluetooth omwe ali m'chikwama ali chiyakire, nde nyimbo ikulira ndithu koma ikulirira kwina. Sankhani Speakers. Onaninso Volume mixer chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi voliyumu yakeyake, Chrome itha kukhala pa mute pomwe voliyumu yaikulu ili pa 100.

Zikakanika apo nde tikambe za driver, chifukwa mlandu wanu ndikuuona kuti uli pamenepa. Driver ndi kapulogalamu komwe kamamasulira pakati pa sisitimu ndi kachipangizo ka saundi kali mkati mwa laputopu, ambiri ndi a Realtek. Sisitimu ikamakwera imatha kusiya driver yakale n'kuika ina yomwe ikuganiza kuti ikuyenera, pena imalondola pena ayi, nde kachipangizoko ndi kamoyo koma palibe amene akukalankhula chilankhulo chake. Ngati pa kasipika kaja pali X ofiira ndi mawu oti No audio output device is installed, musakayikenso.

Dinani batani la Windows ndi X pamodzi, sankhani Device Manager, tsegulani Sound, video and game controllers. Pa dzina la Realtek kapena lililonse lomwe lili pamenepo dinani kumanja, Properties, Driver, ndipo ngati Roll Back Driver ikudinika idineni, ibweza yakale ija. Kawirikawiri ikakhala apudeti yaikulu chonchi bataniyo imakhala yotuwa siidinika, musadandaule, sankhani Uninstall device kenako Restart. Ndati Restart osati kutseka chivindikiro, osatinso Shut down, poti Shut down pa Windows imasungako zina kuti idzayake msanga pomwe ife tikufuna iyambe ndi mutu watsopano n'kudzipezera yokha driver.

Ikadzuka ili duu, tembenuzani laputopu muwerenge modelo pansi pake, pitani pa webusaiti ya omwe anaipanga, kaya ndi HP, Dell kaya Lenovo, mudawunilode audio driver ya modelo imeneyoyo. Chonde chonde timapulogalamu tija timadzitama kuti tikonza madriver onse ndi batani limodzi tisiyeni, ine sinditikhulupirira, tambiri timabwera ndi zinyalala zake. Ngati laputopu ndi yakale opanga anasiya kuitulutsira madriver, pali ya Windows yomwe, pa Update driver sankhani Browse my computer, Let me pick, kenako High Definition Audio Device. Ilibe zokometsera koma imalankhula.

Kena kachangu: Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Windows Audio muipange Restart.

Tsono poti mwati munakweza sabata yatha, werengani masiku. Windows imakupatsani masiku 10 okha oti mubwerere komwe munachoka, pa Settings, System, Recovery, Go back, ndipo zimatheka chifukwa cha foda ya Windows.old nde musaifufute pofuna malo. Koma kubwerera n'kongopumirako, Windows 10 inasiya kulandira chithandizo cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Za mnzanu wa masipika uja tizimuganizira pokhapokha mutalowetsa mahedifoni a waya n'kumamveka bwinobwino, masipika mwawasankha, driver mwasintha, koma iwo okha ali chete.

FUNSO: Ine saundi ikutuluka koma chiapudetereni pa miting'i ya pa intaneti anzanga sakundimva, ndimangolankhula ndekha ngati wamisala, komanso nyimbo zikumathetheka. Maiki yafa?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, maiki yanu ndikukayika ngati yafa, mwina yangotsekeredwa. Pitani pa Settings, Privacy & security, Microphone, muyatse Microphone access, kenako mutsike pansi muyatsenso Let desktop apps access your microphone, ambiri amaiwala yachiwiriyi. Mukatero lowani mu pulogalamu ya miting'iyo muone maiki yomwe yasankhidwa, nayo imatha kuloza kwina.

Kuthethekako yesani Settings, System, Sound, dinani masipika anu muike Audio enhancements pa Off. Kukapitirira, zomwe ndawauza anzanu pamwambapa za driver ndi zanunso, mundilembere modelo ya laputopuyo ngati zavutabe.