Funsani Azakhali: Kodi malo a m'katuni ya ku Korea ija alipodi?

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa usipa ndi utaka pamsika wa pa Boma. Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa Fomu 2, wapenga ndi katuni yotchedwa KPop Demon Hunters imene anzake anamuikira pafoni. Nyimbo zake amayimba potsuka mbale, popita kumjigo, paliponse. Akuti malo a mufilimumo alipodi mumzinda wa Seoul, ndipo wayamba kuponya timakobidi m'kachitini kuti adzapite kukawaona. Ine ndinamuuza kuti za m'katuni n'zopeka. Akunena zoona ndani? Komanso ndamva kuti muli za ziwanda, ndiye mtima wanga suli m'malo. Ndine mayi wa ku Mpondasi, Mangochi.

Mayi, pa nkhani ya malo mwanayo ndiye walondola. Atsikana atatu oyimba aja, Rumi, Mira ndi Zoey, ndi opeka, koma mzinda umene akuthamangamo ndi weniweni. Ndinakhalako milungu itatu mu Okutobala 2023 pa maphunziro a kuntchito, filimuyo isanatuluke. Itatuluka pa Netflix mu Juni 2025, mdzukulu wanga anabwera nayo kunyumba kwanga ku Kalonga, ndipo ndinkangomuuza kuti aimitse kaye, chifukwa ndinkazindikira misewu imene ndinapondamo ndi mapazi angawa. Dziwaninso kuti filimuyi inapangidwa ku America ndi kampani ya Sony Pictures Animation. Mmodzi mwa otsogolera ake awiri, Maggie Kang, anabadwira ku Seoul n'kukulira ku Canada, ndipo zimaoneka kuti ankajambula kwawo ndi mtima wa munthu wopukwa.

Ndiyambe ndi malo amene anandigwira mtima kuposa onse. Mufilimumo pali pamene Rumi akukumana mobisa usiku ndi Jinu, mtsogoleri wa gulu la anyamata oyimba omwe ndi ziwanda, pambali pa khoma lamiyala, magetsi a mzinda akuthwanima m'munsi. Amenewo ndi Naksan Park. Munthu amatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Hyehwa, n'kukwera chitunda wapansi. Kaphiriko n'kakafupi, mamita 125 okha, koma makwerero ake amakupumitsa kawiri katatu. Polowa salipiritsa.

Khomalo ndi linga lakale la mzindawo, Hanyangdoseong. Analimanga mu 1396 mu ulamuliro wa mfumu Taejo, ndipo linkazungulira makilomita 18.6 kudutsa pa mapiri anayi. Ndinafikapo dzuwa likupendeka, ndipo ndinaika dzanja pa miyalayo. Si yofanana ayi. Pali ina yosasema, yongosanjikiza monga timachitira pa maziko a khola. Imeneyo ndi ya omanga oyamba. Pali ina yosemedwa bwino mbali zinayi, yolumikizana mwakuti mpeni sungalowe. Imeneyo inaikidwa pokonzanso linga m'zaka za m'ma 1700. Chakumunsi, kufupi ndi chipata cha Dongdaemun, pali miyala yolembedwa. Mnzanga wa ku Korea amene ankatiyendetsa anandifotokozera kuti pa miyala yotere ankalembapo dera limene linamanga chigawo chimenecho kapena mayina a akapitawo, kuti khoma likadzagwa adziwe womufunsa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuganiza za midadada ya sukulu imene ndinaionapo itang'aluka mvula yoyamba, popanda wodziwa amene anaumba njerwa.

Kenako magetsi a m'tsinde mwa khoma anayaka. Agogo aakazi awiri ovala zipewa zotchinga dzuwa anandidutsa akuyenda mwachangu, manja akuponya uku ndi uku, akucheza zawo. Kwa iwo linga la zaka 600 ndi njira yowongolerapo miyendo madzulo, ngati mmene ife timayendera pa mlatho wa Bakili Muluzi kukapitidwa mphepo ya mu Shire.

Madenga a matailosi akuda opindika m'makona, amene Rumi ndi Jinu akuyendapo usiku mufilimumo, ndi a ku Bukchon Hanok Village, pakati pa nyumba ziwiri zachifumu, Gyeongbokgung ndi Changdeokgung. Apa mwana wanu amvetsetse chinthu chimodzi: si malo osungirako zakale, ndi mudzi wa anthu. M'nyumbamo muli ana ochita homuweki ndi okalamba ofuna tulo ta masana. Ine ndemwe ndinalakwitsa. Tinali gulu, tikuseka mokweza Chimalawi chathu chija pojambulitsa pakhomo la eni, ndipo mayi wina wachikulire wonyamula chikwangwani anatiyandikira, n'kuika chala pakamwa mwaulemu. Manyazi anandigwira, chifukwa nanenso sindingakondwe alendo atadzaza pakhonde panga ndi makamera ndikuphika ndiwo. Anthu a m'mudzimo anadandaula kwa zaka zambiri, moti kuyambira mu Novembala 2024 boma la dera la Jongno linaletsa alendo kulowa m'misewu yodzadza kwambiri kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 10 koloko m'mawa. Kuyambira mu Malichi 2025 wophwanya lamuloli amalipa chindapusa cha ma won (ndalama za ku Korea) 100,000. Choncho zoyenda pa madenga usiku zisiyireni a m'katuni.

Nsanja yaitali imene pakuchitikira chionetsero chomaliza ndi N Seoul Tower, pamwamba pa phiri la Namsan. Ndi yotalika mamita 236, ndipo anaitsegulira anthu wamba mu 1980. Kukwera pamwamba n'kolipira, koma pabwalo la m'munsi mumaona mzinda wonse ulere, pamodzi ndi maloko osawerengeka amene zibwenzi zimakhoma pa mpanda. Bwalo la zoyimba lalikulu lija limene likuoneka pamenepo mufilimu kulibe, anachita kuwonjezera ojambula. Sitima imene atsikana akumenyanirapo pamwamba ikudutsa pa mlatho wa Cheongdam pa mtsinje wa Han, mlatho wosanjikiza: magalimoto pamwamba, sitima ya Line 7 pansi pake. Tikiti wamba ya sitima ndi yokwanira kuti muwoloke nawo.

Tsopano za ziwanda. Sindikupeputsa nkhawa yanu, chifukwa kuno mawu amenewa ndi olemera, kutchalitchi ndi kumzikiti komwe. Ndinaonera filimuyo mpaka kumapeto ndisanakuyankheni. Ziwanda zake n'zotengedwa mu nthano za Akoreya, monga mmene nthano zathu zilili ndi zimphona ndi afiti okwera lichero. Anyamata asanu oyimba aja, akavala mikanjo yakuda ndi zipewa zakuda zazikulu, akuimira jeoseung saja, amithenga amene m'nthano zawo amabwera kudzatenga mzimu wa womwalira. Kambuku wamaso otuzuka ndi mbalame yake, amene amayenda ndi Jinu mufilimumo, achokera pa zojambula zakale za anthu wamba zotchedwa minhwa, zimene ankapachika pakhomo chaka chikamayamba kuti zithamangitse tsoka. Atsikanawo akumenyana ndi ziwandazo, sakuzipembedza. Ndipo pakatikati pa nkhani yonse pali Rumi, amene ali ndi zizindikiro pathupi zomwe womulera anamulangiza kuti azibise, ngakhale kwa anzake apamtima, mpaka manyazi anamutsekera mawu pakhosi. Ndikanakhala inu ndikanakhala naye pamphasa tsiku lina mutaweruka kumsika, muonere limodzi, ndipo mumufunse chifukwa chake amamukonda Rumi. Mtsikana wa msinkhu umenewo nthawi zina amalozera katuni pofuna kunena zimene zili mumtima mwake. Mukaona kuti zikusemphana ndi chikhulupiriro cha pakhomo panu, mudzamuletsa mukudziwa chimene mukuletsa. Kwa ana aang'ono kwambiri, nkhope zina za ziwandazo n'zoopsa ndithu, makamaka usiku.

Kachitini kaja musakaseke, komanso musamunamize kuti kadzakwanira. Ulendo ndi wautali: ine ndinakwera ndege ku Lilongwe, ndinasintha ku Addis Ababa, n'kukatera ku Incheon, pafupi ndi Seoul, komwe nthawi ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi kuno. Pamafunika pasipoti, viza ndi ndalama zogonera. Mwana wa kunyanja ngati iye adziwenso kuti Disembala mpaka Febuluwale kumazizira mpaka madzi kuuma gwa. Njira imene ndikuiona kwa mwana wa mayi wogulitsa usipa ndi ya sukulu. Boma la Korea lili ndi thandizo la maphunziro lotchedwa Global Korea Scholarship, limene limalipira ndege, fizi, chaka chophunzira chinenero ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Mndandanda wa mayiko ololedwa ndi zofunika zake amaziika chaka chilichonse pa webusaiti ya Study in Korea. Mpikisano wake ndi woopsa, ndipo choyamba chimene amayang'ana ndi magiredi. Muuzeni kuti ulendo wa ku Naksan ukudutsira pa mayeso a JCE chaka chino ndi a MSCE kutsogoloku.

Pakali pano timakobidi ta m'kachitinimo tingagule kope ndi bando. Zilembo za Chikoreya, Hangul, zimene mfumu Sejong anakonza mu 1443, zilipo 24 zokha zoyambira, ndipo ine pa msinkhu wangawu ndinayamba kuwerenga mayina a masiteshoni sabata yoyamba isanathe. Iye mutu ukadali wanthete, sizimutengera nthawi. Akadzalemba dzina lake ndi lanu m'zilembo zimenezo, munditumizire pepalalo kuno ku ofesi, ndidzaliwerenga ndekha.