Pisitoni ya buleki imeneyo musaikwechese ndi sandipepa achimwene

Achimwene mwafunsa za buleki yakutsogolo ya njinga yamoto yomwe ikumangogwira, pisitoni yadzimbiri ya mu caliper (chopana disiki chija) mwaika pachithunziyo musaiyandikize sandipepa monga akunenera ena m'makomentimu, ine ndangoiona thupi lonse lachita tsemwe chifukwa zomwezi zinatsala pang'ono kundiphetsa pamsewu wa Ku Chawe paphiri la Zomba. Yanga inkapanganso choncho, ukamaikankha njinga tayala lakutsogolo likulira kwee kwee, kungochoka mtauni kufika pa Chinamwali disiki yatentha yosagwirika, petulo naye akutha msanga. Nde ndinapita kwa makaniko wina, dzina sinditchula akudzidziwa yekha mwinanso ali mugulu momwemuno akuwerenga, munthu uja anaizula pisitoni ndi pulayala mpaka kusiya mano m'mbali, kenako anatenga sandipepa wokhakhala uja amakwechera bode ya galimoto nkuipala mpaka kuwala, ma seal, timalabala toletsa kudontha tija, anawaviika mu petulo, nkupaka girizi wa mabering, nkubwezeretsa omwewo. Brake fluid, mafuta a mabuleki aja, sanasinthe, anangothirapo wa mukabotolo kopanda chitsekero komwe kanali pawindo. Ati bwana iyi yabwerera unyuwani. Ndalama analandira zonse.

Lisanathe sabata ndinatenga mayi wina wogulitsa ma strawberry kumtunda kuja, dengu lake pamiyendo, kutangokata mvula chifunga chili tolo. Mukudziwa inu kutsika kwa msewu uja makona okhaokha, buleki suisiya. Tili pakati ndinayamba kumva fungo la chinthu chopserera, njinga ikulemera ngakhale tikutsetsereka, ndikafinya liva ya buleki ikubwera yofewa. Pakona yotsatira ndinafinya liva inangofika pa handulo phwa, palibe chogwira, ndapopa ndapopa ziii. Kumbuyo kuli buleki ya drum, ndaponda tayala langoyamba kuselereka pamasamba a paini onyowa aja, njinga ikupita cham'mbali, mayi uja wandigwira pakhosi akukuwa Yesu Yesu ana anga, kutsogolo kukubwera lole yokanyamula matabwa ikukwera pang'onopang'ono itadzaza msewu, mbali inayi phompho mitengo ukuionera kunsonga. Ndinagwetsa magiya injini mpaka kulira ngati iphulika, kenako ndinangoiponya dala mu ngalande ya mbali ya phiri. Tinagubuduka pamiyala, mkono wanga khungu lonse kuchoka pachigongono linatsala pompo, mayi uja bondo linatupa nthawi yomweyo, ma strawberry mbwee msewu wonse lole ija nkudzawaponda. Disiki inali itasanduka ya buluu ikufuka utsi, fluid akudontha pa mapadi. Mayi uja sanandilalatire nkomwe, anangokhala pansi akutola timbale take akulira, zimenezo ndi zomwe zimandipweteka mpaka lero.

Kubwerera kwa makaniko uja mukudziwa anati chani? Ati njinga za disc sizakuphiri, mukanagula ya drum. Mxii. Munthu wopanda ndi manyazi omwe, katundu wa mayi uja ndinalipira ndine, kuchipatala ndine, iye ali phee akupitiriza kuwononga njinga za anthu, ndipo ambiri otere angogula sipanala ziwiri basi akuti ndi amakaniko.

Buleki ija anadzaitsegula ndi mdala wina wodziwa ntchito nkundionetsa chilichonse. Ma seal anali atafufuma osalowanso m'malo mwake, chifukwa labala wa mabuleki sagwirizana ndi petulo, palafini, dizilo, oyilo wa injini kapena girizi wamba. Atafufuma anaigwira pisitoni osabwereranso, mapadi nkumangokhula disiki, kutentha kuja nkuwiritsa fluid. Fluid amayamwa chinyezi, wa mtundu wa DOT 4 watsopano amawira kuyambira pa 230°C koma akamwa madzi amatsika kufika cha m'ma 155°C, akawira mupaipi mumakhala nthunzi, nthunzi imafinyika, nchifukwa chake liva inangopita. Ndipo Zomba yathuyi ndi mvula yake ndi matope a ku Jali ndi Kachulu, kuphatikiza kutsukira njinga mu Likangala, dzimbiri lingalephere bwanji. Pisitoni kunja kwake kuli kachikuto kowala kamene kamaletsa dzimbiri, sandipepa wokhakhala amachotsa kameneko, nde imawala lero mwezi wamawa yachita dzimbiri kuposa kale ndipo mikwingwirima ija imadula seal.

Inu chitani chonchi. Masulani caliper koma paipi isiyeni, chotsani mapadi, popani liva pang'onopang'ono pisitoni izituluka yokha, ngati zili ziwiri tsekerezani yothamangayo ndi kathabwa kuti zitulukire limodzi. Mukafuna mpweya wa kompuresa ikani thabwa ndi sanza kutsogolo, zala kutali, imatuluka mwamphamvu ingakuphwanyeni chala. Pulayala kunja kwa pisitoni ayi. Tsukani ndi brake fluid watsopano ndi mswachi wakale, zambiri zomwe zimaoneka ngati dzimbiri ndi fumbi la mapadi louma chabe limachoka. Kenako yendetsani chikhadabo pomwe pamadutsa seal, chikakodwa m'timaenje tayani mugule ina, osanyengerera. Ku Zomba kuno ikasowa tumizani yakaleyo ku Limbe ayerekeze saizi, osagula ndi maso. Pomwe anthu amaiwala ndi m'timizere momwe mumakhala ma seal, mumamera zoyera ngati ufa zimene zimakankha seal kuti ipane pisitoni, palani ndi kamtengo kosongola osati sikuludiraiva. Ma seal onse awiri atsopano, wamkati ndi wa fumbi, anyowetseni ndi fluid kapena red rubber grease (girizi wofiira wosawononga labala), pisitoni ilowe ndi zala zokha mowongoka. Ma pini omwe caliper imaseweramo nawonso atsukeni. Mapadi akanyowa fluid atha ntchito.

Komabe tinene zoona ndalama zavuta, ngati dzimbiri lili kunsonga kokha komwe kumakhala panja sikufika pa seal, mutha kudutsitsapo sandipepa wosalala kwambiri wa nambala 2000 mutamunyowetsa ndi fluid, mozungulira osati chotalika, pang'ono chabe. Mdala ujanso anatero pa njinga ya mnzanga ndipo ikuyenda bwinobwino. Ndipo ngati simunachotsepo mpweya mu mabuleki pitani kwa makaniko ndithu, bola muime pompo maso ali pa manja ake, fluid mugule nokha wosatsegula, nambala yake yalembedwa pachitsekero cha kathanki pa handulo, DOT 5 osasakaniza ndi 3 kapena 4, komanso asadonthere pa penti amasupula. Muzisintha pakatha zaka 2. Mukamanga nkuchotsa mpweya popani liva mpaka ilimbe musanakwere, muyesere pa fulati kaye osati kuyamba ndi phiri. Tajambulaninso mbali yamkati ya pisitoniyo tione, ndipo njinga yanu ndi mtundu wanji?