Tifunseni za Magemu: Bwanji PS osamaisintha ziwalo ngati PC?

FUNSO

Moni achimwene. Ine ndimakhala ku Mufakose konkuno ku Harare, agogo anachokera ku Dedza kalekale koma Chichewa sitinachitaye. Ndili ndi kashopu ka magemu kuseri kwa nyumba, ma PS4 (PlayStation 4 ya Sony) atatu ndi ma TV ake, ana amabwera akaweruka kusukulu ndipo Loweruka amadzadza mpaka ena kumaonera pawindo. Nde pali mng'ono wanga wina amasewera pa PC, sapuma kundiseka kuti makina anga ndi nkhalamba, akuti iye akangoona gemu yayamba kulemera amachotsa graphics card (kachiwalo kojambula zithunzi za gemu) kuikapo ina, kuonjezera RAM (memory), basi zatheka. Bwanji a Sony ndi a Xbox osapanga chimodzimodzi kuti tizingogula kachiwalo kamodzi chaka ndi chaka? Komanso ndigulitse atatuwa ndigule PS5 Pro imodzi?

Wa kashopu, Mufakose

YANKHO

Achimwene ndiyambe ndi lachiwirilo chifukwa ndi lomwe lingakupheni njala: musagulitse. PS5 Pro inatuluka mu Novembala 2024 pa mtengo wa $699.99 ku America, yopanda ndi polowetsa disiki pomwe, drive yake mumagula payokha, nde ikamafika m'mashopu a mtauni muno yakwera kale ndi transipoti ndi msonkho. Makina atatu amakhazika ana 6 nthawi imodzi, Pro imodzi awiri basi, enawo azingoyang'ana kenako apita kushopu ya mnzanu. Ndipo ubwino wa Pro umaoneka pa TV ya 4K, pa ka TV wamba ka 32 inchi palibe mwana angakuuzeni kuti iyi ndi Pro iyi ayi.

Tsopano za mng'ono wanuyo. Sakunama, PC imasinthidwadi ziwalo ndipo ndi ubwino wake. Koma ine ndikukana kwamtuwagalu kuti console, makina a magemu ngati PS ndi Xbox, izitero, chifukwa mphamvu yake yonse ili pa kusasinthako. PS4 yomwe inatuluka mu 2013 ndi yomwe munagula inuyo mkati mwake ndi chimodzimodzi, purosesa ya AMD yomweyo, memory ya 8GB yomweyo, nde opanga gemu amadziwa bwinobwino chomwe akupangira. Zili ngati telala yemwe wakhala akusokera munthu mmodzi kwa zaka 7, safunanso tepi, akudziwa pamene phewa lagwera. Taonani PS3, inatuluka mu 2006 ndi memory ya 512MB yokha, zomwe lero foni yotchipa imaposa kutali, koma mu 2013 pa makina omwewo panatuluka The Last of Us, anthu kukhala kukamwa yasa. Mphamvu ya makinawo sinasinthe olo pang'ono, anasintha ndi anthu opangawo, anali atawaphunzira mpaka kuwafinya dontho lomaliza. God of War Ragnarök inatuluka mu 2022 ndipo ikuyenda pa PS4 yanu yomweyo. Pa PC gule wake ndi wina, wopanga amayenera kuganizira ma card mazanamazana, gemu ikamadukaduka amangokuuza kuti gula card yatsopano, ndalama ikutuluka mthumba mwako osati mwake.

Komanso musaganize kuti sanayeserepo. Sega mu 1994 inatulutsa 32X, kachipangizo kobaya pamwamba pa console yawo ya Mega Drive kuti ikhale yamphamvu, anagula ndi anthu ochepa, opanga magemu anaona kuti kupangira kagulu kochepa choncho n'kutaya ndalama, magemu ake anathera pafupifupi 40 basi, kenako console yawo yatsopano ya Saturn yabwera, ogula aja kusiyidwa padzuwa. Nintendo 64 inali ndi Expansion Pak yokweza memory kuchoka 4MB kufika 8MB, ndipo magemu ena monga Donkey Kong 64 samayaka n'komwe ngati ulibe. Ngakhale posachedwapa, Xbox ili ndi Series X ya 16GB ndi Series S ya 10GB, ndipo Baldur's Gate 3 inafika pa PS5 mu Seputembala 2023 koma pa Xbox mpaka Disembala chifukwa zosewera anthu awiri pa sikirini imodzi zimavuta pa Series S. Apotu ndi mitundu iwiri yokha. Nanga itakhala 10, wina wasintha card wina RAM wina sanasinthe kanthu?

Nchifukwa chake a Sony anasankha njira yapakati, PS4 mu 2013, Pro yake 2016, PS5 mu 2020, Pro yake 2024, ndipo gemu iliyonse yoyenda pa Pro imayendanso pa wambayo. Izi ndingazipirire, kamodzi pakati pa ulendo. Koma chaka ndi chaka ayi, chifukwa oyamba kutsalira ndife amene timagula makina ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Joni, ndipo zimandiwawa ndikaganiza mwana wa ku Mbare kapena Epworth yemwe wasonkhetsa makobidi ake kuti amenye gemu ya mpira ya FC ndi anzake kumuuza kuti gemu ya chaka chino ikufuna chiwalo chomwe shopu ilibe.

Osaiwalanso magetsi. PS5 ikamasewera imadya mawati pafupifupi 200, pomwe card imodzi yokha ya pa PC ya RTX 4090 imafika 450, tisanawerenge purosesa ndi monita. Mufunseni mng'ono wanu kuti magetsi akathima invita yake imakhala mphindi zingati.

Chomwe mungachite panopa: tsegulani ma PS4 anuwo muchotse fumbi pa fani ndi pa heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa), ikamalira ngati ndege nthawi zambiri ndi fumbi lomwelo ndi thermal paste (phala lopaka pa purosesa kuti isatenthe) yomwe inauma, ndipo musawaike pansi pa simenti kapena mukabati yotseka. Ndalama ikapezeka gulani makontrola abwino kaye, ana amathawa shopu chifukwa cha analogi (kandodo ka pa kontrola) yoyenda yokha osati chifukwa cha magrafiki. FC 26 inatulukanso pa PS4 mu 2025 nde mpira mukadali nawo. Koma yambani kuika kenakake pambali mugule PS5 wamba imodzi yoonjezera pa atatuwo, chifukwa gemu ya GTA VI analengeza kuti ndi ya PS5 ndi Xbox Series basi, ndipo ana anuwo adzaifuna.

FUNSO

PS4 yanga yadzadza, ndikafuna gemu ina ndimafufuta ina, kudaunilodanso bandulo ndi yodula. Palibe chomwe ndingasinthe?

Mtsikana wa ku Highfield

YANKHO

Chilipo chemwali, ichi ndiye chiwalo chomwe amalola. Hard drive ya PS4 ndi ya 2.5 inchi ngati ya laputopu, mutha kuikamo yaikulu kapena SSD (drive yothamanga kwambiri), kungoti muyambe mwakopera ma save anu pa flashi chifukwa system software muikanso mwatsopano. Ngati mukuopa kutsegula, gulani external ya USB 3.0 yosachepera 250GB, PS4 inayamba kuilola mu 2017, ibayeni, ipangeni fomati mu Settings, magemu muzisungira mmenemo.