Sipuleya yakale ya thirakitala: tiiveke GPS ndi makamera?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amayang'anira thirakitala ya kopaletivi ina chakumunsi kwa Nchalo. Akuti ali ndi sipuleya ya malita 600 yokoleka kumbuyo kwa thirakitala, mkono wake ndi mamita 12, ndipo yakhala ikupopera nzimbe, chimanga cha mthirira ndi thonje kwa zaka zambiri. Anaona kavidiyo pa Facebook koonetsa sipuleya ya makamera, yongolavulira mankhwala pomwe pali udzu pokha. Funso lawo nali: "Kodi yathuyi tingaiveke zimenezi? Mankhwala atipweteka mtengo."

Bambo, zimatheka ndithu. Zida ngati WEED-IT ya ku Netherlands ndi WeedSeeker ya Trimble anazipanga kuti zizimangiriridwa pa sipuleya yomwe munthu ali nayo kale. Timaso take timazindikira chomera chobiriwira pa dothi, n'kutsekula nozulo (kabowo kolavulira mankhwala) yokhayo imene ili pamwamba pa chomeracho. John Deere atagula kampani ya Blue River mu 2017 anabwera ndi See & Spray, imene imathanso kusiyanitsa udzu ndi mbewu. Si matsenga, zikugwiradi ntchito.

Koma taganizani kumene zikugwirirako. Ku Australia kuli minda yaikulu yogona, youma gwa, udzu uli apo ndi apo. Kamera ikamadutsa pamenepo manozulo ambiri amakhala otseka, ndiye mankhwala amapulumukadi. Nanga kwathu kuno? Mvula ikangogwa kawiri ku Chikwawa, kapena madzi akangolowa m'ngalande, dawe ndi kapinga zimamera ngati mphasa. Kamerayo idzaona zobiriwira paliponse, idzatsekula manozulo onse, inu mutalipira ndalama zankhaninkhani kuti ichite zomwe sipuleya yanu ikuchita kale. Mankhwala opopera pa dothi udzu usanamere, amene alimi a nzimbe amadalira, amafuna munda wonse unyowe. Nsabwe ndi mbozi za thonje nazonso kamera ya udzu siziona. Pa ntchito zomwe mwatchulazo, kamera ndi chinthu chomalizira kuchiganizira.

Musanagule kalikonse, tengani jagi yokhala ndi mizere ya muyeso ndi foni yowerengera mphindi. Thirani madzi okhaokha m'thanki, lizani injini monga mumachitira m'munda, kenaka tcherani jagi pa nozulo iliyonse kwa mphindi imodzi n'kulemba. Pa mamita 12 pamakhala manozulo 24, otalikirana masentimita 50. Mtundu wa nozulo si wokongoletsa ayi: pa presha ya 3 bar, yachikasu imatulutsa malita 0.8 pa mphindi, yabuluu 1.2, yofiira 1.6. Yomwe yapitirira muyeso wake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 yatha ntchito, ichotseni.

Ndinachitapo zimenezi pa sipuleya ya mnzanga wina chaku Ngabu, m'mawa dzuwa lisanayambe kuwotcha. Pa mkono umodzi panali manozulo a mitundu itatu. Ina inkatulutsa madzi ngati mpopi wa pabwalo, ina inkangodontha. Dalaivala ataona kuti imodzi yatseka, anathothola minga ya mthethe n'kutokosa pabowo, kenaka n'kuipemerera ndi pakamwa. Ndinachita kugwira kumutu. Bowo la nozulo likakula pang'ono chabe, mankhwala amangotayika, ndipo pakamwapo ndiye musandifunse. Kamswachi kakale n'kokwanira kutsukira. Geji ya presha nayo inali itaima pa nambala imodzi kuyambira kalekale, ngakhale injini itazima. Sipuleya yotere mukaiveka kompyuta, kompyutayo idzangokuwerengerani zabodza mwaulemu.

Masamu odziwira malita amene mukupopera pa hekitala ndi awa: chulukitsani 600 (nambala yosasintha, osati malita a thanki yanu) ndi malita a nozulo imodzi pa mphindi, mugawe ndi liwiro la thirakitala m'makilomita pa ola kuchulukitsa ndi mpata wa manozulo m'mamita. Nozulo yabuluu, makilomita 6 pa ola, mpata wa 0.5, zikupatsani malita 240 pa hekitala. Dalaivala akafulumira kuti akaweruke msanga n'kufika makilomita 8 pa ola, zatsika kufika 180. Apa ndi pomwe chida choyamba chamakono chimathandiza: kabokosi kowerenga liwiro ndi kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipi, n'kumatsekula kapena kutsekako valavu kuti muyeso usasinthe. Nakonso kali ndi malire, chifukwa kuti nozulo itulutse kuwirikiza kawiri pamafunika presha yowirikiza kanayi, ndipo presha ikakwera madontho amasanduka nkhungu imene mwera umapita nayo kumunda wa eni.

Ndalama zikanakhala zanga, nditakonza manozulo, geji ndi masefa, ndikanagula GPS yolondolera dalaivala. Ndi kasikirini kapena timagetsi tomuuza kuti akhotere kumanja kapena kumanzere. M'munda wopanda mizere yooneka, kubwereza mita imodzi pa mamita 12 aliwonse ndiye kuti botolo limodzi mwa mabotolo 12 mwalithira pomwe munathira kale, mbewu n'kupsa pamenepo. Simukusowa GPS yapamwamba yotchedwa RTK, yolondola mpaka masentimita 2 kapena 3. Yotsika mtengo ikukwanirani popopera. Mukadzalimba m'thumba mudzaonjezere mavalavu a magetsi otseka okha chigawo cha mkono chikafika popopera kale. Zimenezi zimathandiza kwambiri m'minda yozungulira ya pivoti (makina othirira oyenda mozungulira), ngati yomwe timaona ku Nchalo ndi ku Kasinthula, komwe ngodya sizichedwa kukusokonezani.

Musaiwalenso madzi. A mu Shire nthawi ya dzinja amakhala chikhutu cha matope, ndipo mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi yamchere. Matope amapha mphamvu ya mankhwala opha udzu a glyphosate, mchenga umadya manozulo, ndipo timavalavu ta magetsi sitichedwa kukakamira. Madzi adikhe kaye mu mgolo, adutse pa sefa, ndiye alowe m'thanki.

Wogulitsayo mumufunse mafunso awiri asanakuonetseni mtengo: chikafa mu Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40, adzakonza ndani, ndipo sipeya ali pa shelefu ku Blantyre kapena adzachita kuitanitsa ku Johannesburg? Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera muno, kawaya kamodzi kangaimitse sipuleya mwezi wathunthu pamene ntchemberezandonda zikudya chimanga, monga zakhala zikutichitira chifikireni cha m'ma 2017. Muumirirenso kuti asachotse njira yotsekulira ndi manja, kuti kabokosi kakazima ntchito isaime. Madzi a ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira akadzafika m'minda yambiri, mwina amakaniko odziwa zimenezi adzachuluka kuno kuchigwa, koma mbewu yanu ya chaka chino siingadikire zimenezo.

Mamembala anu opopera ndi sipuleya ya kumsana nawonso ali ndi kachida kawo: kavalavu kolowetsa pakati pa ndodo ndi nozulo, kosunga presha pamodzimodzi kaya munthu akupopa mwamphamvu kaya watopa. Sikafuna batire, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa GPS.

Yesani za jagi zija Loweruka likubwerali, bambo, munditumizire manambala onse 24 pamodzi ndi giya imene dalaivala amapoperera. Tikaona pamenepo ndidzakuuzani manozulo oti mugule.