Za ulendo wa ku Likoma: chakudya ndi mabuku

Achemwali a ku Kapata, ku Chipata m'Zambia, amene mukugwira ntchito ku Lilongwe, mwafunsa za ulendo wa ku Likoma, kodyera ndi zowerenga.

Kwerani basi mpaka ku Nkhata Bay, kumeneko mukakwere sitima ya Ilala. Imadutsa kamodzi pa sabata kupita ndi kubwera, ndipo imachedwa kawirikawiri, choncho musaike ntchito tsiku lotsatira lobwerera. Pewani June mpaka August ngati nyanja simunaizolowere: mphepo ya mwera imautsa mafunde, anthu amasanza kwambiri. Chilumbachi chili m'madzi a Mozambique koma ndi cha Malawi, ndiye pasipoti yanu ya Zambia ndi chilolezo chokhalira m'Malawi zikwanira. Ndalama tengani zogwira m'manja, makwacha a Malawi.

Pakudya, lowani m'malo odyera anthu a komweko mufunse kondowole ndi usipa wauwisi. Kondowole ndi nsima ya chinangwa, imamata kuposa ya mgaiwa yomwe tinazolowera kwathu, ndiye dulani mbamu zazing'ono.

Mabuku a nthano gulani ku Lilongwe, awiri kapena atatu, muwakulunge m'pulasitiki chifukwa madzi amathovukira katundu. Mukafika ku Likoma, tchalitchi cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, musachiphonye.