Musamve za kochiyo, bondo likayezedwe kaye

Achemwali, zoti mwana wanu apirire bondo mpaka season ithe kuti atenge mphoto ya wosewera wabwino wa conference (ligi ya matimu a makoleji), mawu omwewo anauzidwa wanga. Manja akunjenjemera pamene ndikulemba pano.

Wanga anali running back, wosewera wothamanga ndi mpira mu American football, pa koleji ina kuno ku Midwest, ku America. Mu November bondo litatupa ngati dzungu, kochi anamuitanira mu ofesi n'kumuuza kuti makochi a matimu enawo amavotera amene amuona m'bwalo, osati wa pa benchi. Anamumanga tepi, kumumwetsa mankhwala opha ululu, n'kumulowetsa. Ine ndili pa mipando yakumwamba, kukuzizira koopsa. Atalandira mpira anafuna kukhota, palibe anamukhudza, mwendo unangopindika wokha. Kukuwa kwake ndinakumva pakati pa ng'oma za band. Ndinatsika masitepe chothamanga, alonda n'kunditsekera njira, ine mayi wake! Anamutulutsa pa kangolo atadziphimba thaulo kumaso. ACL, mtsempha wogwirizira bondo, inali itaduka. Kochi uja kuchipatala sanapondeko, ngakhale foni yokha ayi. Mphoto inapita kwa mnyamata wa timu ina, chaka chotsatira scholarship ya mwana wanga n'kuidula. Munthu woipa mtima, amene anadya nsima m'nyumba mwanga tsiku lomwe ankanyengerera mwanayo kuti asaine!

Ndipo mphotozi sizinena za mawa. Ku conference ya Big Ten kuli mphoto ya Silver Football, imene nyuzi ya Chicago Tribune yakhala ikupereka kuyambira 1924, ovota ake ndi makochi omwewa. Mu 1999 anaitenga Ron Dayne wa Wisconsin. Tom Brady nthawi imeneyo anali ku Michigan, sanainunkhe n'komwe, pa draft ya 2000, pamene matimu a ligi yaikulu ya NFL amasankha osewera atsopano, anasankhidwa wa nambala 199, koma Super Bowl, fainolo ya ligiyo, anapambana ka 7.

Mutengeni mupite naye kwa dokotala amene salipidwa ndi timu, akajambule MRI, ndipo zotsatira muzisunge nokha. Kochi akayamba kuopseza, transfer portal, njira yosamukira ku koleji ina, ilipo, makoleji ndi ambiri. Koma dokotala akanena kuti ndi kutupa chabe, musamukhazike pansi chifukwa cha nkhani yangayi, asewere magemu otsalawo. Ma scout, anthu osakira matimu osewera, amayang'ana mayina a opata mphoto, ndipo wanga akanaitenga, scholarship ija sakanayerekeza kuikhudza.