Chithunzi cha agogo athu a Keyala tingachipeze kuti?

FUNSO: Akonzi, agogo athu aamuna, bambo awo a mayi anga, anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), ndipo akuluakulu amati anali ofesala amene anakamenya nkhondo ku Burma kenaka ku Malaya. Anatisiya ine ndisanabadwe, ndipo pakhomo palibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Chimene chinatsala ndi mamendulo atatu. Tikukonza zomanga chiliza, choncho tikufuna kuikapo nkhope yawo. Kodi tiyambire pati?
Mdzukulu, Dedza

YANKHO: Yambirani pa mamendulo omwewo, chifukwa kosungira zikalata msilikali amadziwika ndi nambala yake kuposa dzina. Mamendulo a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, monga Burma Star, kawirikawiri ankaperekedwa opanda dzina, koma General Service Medal ya amene anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 inkazokotedwa m'mphepete mwake nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwiniwake. Ipukuteni ndi kansalu kofewa, osaikwecha ndi phulusa kapena mchenga, ndipo mukopere zonse zimene zalembedwapo. Dzina lokha lingakusokeretseni, pakuti alembi ankalemba mmene amvera, ndipo anyamata ena ankalembetsa usilikali ndi dzina losiyana ndi la kumudzi.

Nkhani ya uofesala muitenge mosamala. Pamene mabataliyoni a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ankamenya nkhondo ku Burma mu 1944, maofesala ake anali azungu, ndipo munthu wakuda akakwera kwambiri ankafika pa usajeni meja. Ngati agogo anu anali pa udindo umenewo, mwayi wanu ndi waukulu ndithu, popeza pa zithunzi za gulu sajeni meja ankakhala kutsogolo, pafupi ndi maofesala, pamene asilikali wamba ankangoima kumbuyo nkhope zawo zosaoneka bwino.

Komabe ine ndikuona kuti chithunzi chimene mukufunacho chingapezeke msanga m'sutikesi ya wachibale kusiyana ndi kosungira zikalata ku London. Khalani pansi ndi achikulire amene alipo, mulembe mtundu wonse wa agogowo: akazi onse amene anawakwatira, ana a nyumba iliyonse, alongo awo, ndi kumene zidzukulu za onsewa zili lero. Kumene kuli mwambo wa chikamwini, katundu wa mwamuna akamwalira nthawi zambiri ankatengedwa ndi akuchimuna, makamaka ana a alongo ake, kotero kuti n'zotheka kuti mamendulo anatsala kwa mayi anu pamene chithunzi ndi kabuku kotulukira usilikali zinapita kumudzi kumene agogowo anabadwira. Funsaninso za anzawo amene analowa nawo usilikali kuchokera m'dera la mfumu yomweyo, chifukwa asilikali ankakonda kujambulitsa awiriawiri kapena atatu, aliyense n'kutenga chake. Banja limene simukulidziwa n'komwe lingakhale likusunga nkhope ya agogo anu osadziwa kuti ndi ndani.

Mukapeza nambala ndi bataliyoni, pitani ku Zomba. Kumeneko kuli National Archives of Malawi, komanso Cobbe Barracks, kwawo kwenikweni kwa bataliyoni yoyamba ya Keyala, imene mu 1964 inasanduka Malawi Rifles. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House imasunga zithunzi zakale zambiri. Kunja, Imperial War Museum ku London inaika zithunzi zake zochuluka pa intaneti, ndipo ku National Archives ya dziko la Britain ku Kew, mu London momwemo, kuli mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku a magulu amene anali ku Burma, pansi pa chizindikiro cha WO 172. Musayembekezere kupezamo chithunzi, ndipo mayina a anthu akuda sapezekamo kwenikweni, koma mabukuwa amasonyeza kumene gulu linali pa tsiku lakutilakuti ndiponso maofesala amene ankalitsogolera. Mayina a azunguwo ndi ofunika, pakuti iwo ndiwo anali ndi makamera, ndipo zithunzi zimene anajambula zili kwa ana ndi zidzukulu zawo, amene ena mungawafikire kudzera m'bungwe la King's African Rifles and East African Forces Association ndi magazini yake ya Rhino Link.

Chovuta chachikulu ndi chakuti ojambula a boma ankangolemba pansi pa chithunzi kuti ndi msilikali wa ku Nyasaland, osatchula dzina, ndipo munthu wolakalaka kuona agogo ake sachedwa kuwaona pa nkhope iliyonse yovala yunifolomu. Mukapeza chithunzi chimene mukuchiganizira, onani ngati zizindikiro za udindo za pamkono, gulu, malo ndi chaka zikugwirizana ndi zimene zili pa mendulo. Kenaka chisakanizeni ndi zithunzi zina, muonetse achikulire awiri kapena atatu amene anawadziwa agogowo, aliyense payekha, musanawauze chimene mukuganiza. Akapanda kugwirizana, ndi bwino kuzokota pa chilizacho nambala, udindo ndi bataliyoni yawo basi, kusiyana ndi kuikapo nkhope ya agogo a anthu ena.